Mndandanda wa zochita ukamakanika: zizindikiro, zifukwa zake ndi kakonzedwe kake

Dayale yogulidwa mu Januwale nthawi zambiri imafika Marichi ili m'dirowa, masamba khumi oyamba atadzaza, otsalawo ali mbee. Mwini wake amadziweruza kuti ndi waulesi, n'kudikira Januwale wina. Koma ulesi sindiwo umakhala gwero la vutoli kawirikawiri. Mindandanda yambiri imafa chifukwa imalembedwa ngati zokhumba za mumtima: sinena kuti ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji, sinena kuti ichitika ola liti, ndipo imaiwala kuti gawo lalikulu la tsiku la ku ofesi limadyedwa ndi anthu ena inu musanaligwire n'komwe.

Pezani chizindikiro chofanana ndi chanu m'munsimu. Pa chizindikiro chilichonse, zifukwa zayamba ndi chimene chimapezeka kwambiri. Konzani chimodzi, papite sabata, kenako mupite ku china. Mukasintha zonse tsiku limodzi simungadziwe chomwe chathandiza.

## Yambani mwayeza masiku atatu

Mufunika kope, cholembera ndi alamu ya pa foni. Kwa masiku atatu otsatizana, alamu izilira pakatha mphindi 30 zilizonse, ndipo muzilemba mzere umodzi wa zomwe mumachita. Musadzikongoletse, ngati mumacheza pakhonde, lembani kuti mumacheza pakhonde.

Tinene kuti mumalowa 7:30 m'mawa ndi kuweruka 4:30 madzulo. Amenewo ndi maola 9. Chotsani ola la nkhomaliro, atsala 8. Chotsani ola la msonkhano, ola la maimelo ndi mafoni, ndi ola lina la anthu ogogoda pachitseko ndi zotumidwa mwadzidzidzi. Atsala 5. Nambala yomwe yatuluka m'kope mwanu, kaya ndi 5 kaya ndi 3, ndiyo muyezo wa mndandanda wanu. Zonse zili m'munsimu zatsamira pa nambala imeneyi.

## Chizindikiro 1: Mwaweruka, mndandanda ukadali wodzaza

Ili ndilo dandaulo lofala koposa, ndipo pano mpamene pamafunika kudekha.

a) Ntchito zachuluka kuposa maola.
Kuyeza: pambali pa ntchito iliyonse lembani mphindi zomwe itenge, kenako phatikizani. Zikapitirira nambala yanu ija, mndandandawo unalephera kale usanayambe.
Kukonza:
- Khalani ndi mapepala awiri. Loyamba ndi nkhokwe, pomwe mumataya chilichonse chobwera m'mutu. Lachiwiri ndi la lero lokha.
- Pa la lero pasapitirire ntchito zikuluzikulu zitatu ndi zing'onozing'ono zitatu kapena zinayi.
- Siyani ola limodzi lopanda kanthu. Lidzadzaza lokha, musade nkhawa.
- Lembani mndandanda wa mawa musanaweruke, m'mphindi 10 zomaliza, mafayilo akadali patebulo. M'mawa mutu umakhala uli kale pa maimelo.

b) Mwalemba mitu ya ntchito osati zochita.
"Lipoti la pakutha pa miyezi itatu" si chinthu chomwe munthu angakhale pansi n'kuchita; m'kati mwake muli ntchito zingapo.
Kuyeza: werengani mzere uliwonse n'kudzifunsa kuti, manja anga agwira chiyani poyamba? Mukakanika kuyankha msanga, mzerewo ndi waukulu kwambiri.
Kukonza: mzere uliwonse uyambe ndi mneni ndipo uthe m'kati mwa ola limodzi. Lipoti lija likhale motere: kupempha manambala a Epulo mpaka Juni ku akaunti, kuika manambalawo mu Excel, kulemba tsamba loyamba, kupereka kwa bwana kuti awerenge, kukonza zomwe achonga. Mukatero mudzaona nokha kuti lipotilo ndi la masiku atatu, ndipo pempho la ku akaunti liyenera kupita lero.

c) Mumachepetsa nthawi powerengera.
Vutoli ndi la anthu onse. Akatswiri a za maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analifotokoza mu 1979: munthu poganizira ntchito yake amaona tsiku lomwe zonse ziyende bwino, n'kuiwala mmene zinayendera ulendo watha. Mumati kalata itenga mphindi 20, osakumbukira kuti pulinta imagwira pepala, inki imatha, ndipo wosayina amakhala ali kumsonkhano.
Kuyeza: kwa sabata imodzi lembani nambala ziwiri pa ntchito iliyonse, yomwe munayerekeza ndi yomwe yatengadi.
Kukonza: ngati zomwe mumati ola limodzi zikutenga ola ndi theka, ziwerengereni choncho kuyambira pano. Khulupirirani kope, osati mtima.

d) Ntchito yaima chifukwa mukudikira wina.
Kotesheni sinabwere, siginecha palibe, galimoto yapita kwina. Ntchito zotere sizifunika kukhala pa mndandanda wa lero chifukwa simungazichonge. Tsegulani tsamba lina kumapeto kwa kope, mutu wake "Ndikudikira", ndipo mulembe zinthu zitatu: mukudikira chiyani, kwa yani, ndi tsiku lokumbutsa. Pa mndandanda wa lero pangobwera "kuimbira a sitolo za kotesheni". Tsambali liwerengeni Lachiwiri ndi Lachinayi.

## Chizindikiro 2: Mwatanganidwa tsiku lonse koma ntchito yeniyeni simunaikhudze

Mwachonga zinthu khumi ndi ziwiri, mwatopa, koma bajeti ija yomwe ikufunika Lachisanu ikadali tsamba loyera.

a) Zofulumira zikulanda malo a zofunika. Dwight Eisenhower, yemwe anali pulezidenti wa United States kuyambira 1953 mpaka 1961, ndiye amatchulidwa kawirikawiri pa kasiyanitsidwe aka. Foni yolira ndi yofulumira. Kukonzekera odita obwera mwezi wamawa n'kofunika, koma sikulira, choncho kumadikira mpaka nako kutasanduka ngozi. Pa mzere uliwonse dzifunseni: ndikapanda kuchita ichi lero, chiwonongeka n'chiyani pakatha mwezi? Chomwe yankho lake ndi lolemera chilembeni nambala 1.

b) Mumayamba ndi zophweka kuti muchonge msanga. Kuchonga kumakoma, ndipo anthu ena amafika polemba ntchito yomwe achita kale n'cholinga choti angoichonga. Palibe tchimo pamenepo, koma ola lomwe mutu uli wakuthwa limathera pa zinthu zomwe mukanachita mutakhuta nsima. Ikani ntchito nambala 1 m'mphindi 90 zoyambirira za tsiku. Zazing'ono ziunjikeni pamodzi, muzichite 2 koloko masana pamene thupi lalemera.

c) Ntchito yaikulu ilibe ola lake. Mndandanda umanena chochita, kalendala imanena nthawi. Lembani mu kalendala ngati msonkhano: "Lachitatu, 8:00 mpaka 9:30, bajeti". Ngati ku ofesi kwanu anzanu amaona kalendala yanu pa Outlook kapena Google Calendar, izi zimawaletsanso kukuikirani msonkhano pa ola lomwelo.

d) Imelo ndiyo yasanduka mndandanda wanu. Mukatsegula imelo musanayambe china chilichonse, tsiku lanu lakonzedwa ndi anthu omwe anakulemberani usiku. Iyang'aneni mwachidule mphindi 5 kuti muone ngati pali moto, mutseke, kenako mudzaitsegule 10:00, 12:00 ndi 3:30. Ntchito zina, monga ya mlembi wa bwana kapena wolandira makasitomala, sizilola zimenezi. Kumeneko imelo ndiyo ntchitoyo.

## Chizindikiro 3: Ntchito imodzi ikungosamuka tsiku ndi tsiku

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Komabe kudzikalipira sikusuntha ntchito. Chofunika n'kupeza chomwe chikuigwira.

Nthawi iliyonse mukasamutsa ntchito kupita tsiku lotsatira, ikani kadontho pambali pake. Madontho akakwana atatu, musaisamutsenso musanayankhe mafunso awa, motsatana:

1. Kodi ndikudziwa poyambira? Kawirikawiri ayi. Lembani sitepe yoyamba yaing'ono mpaka kuchititsa manyazi: "kutsegula fayilo ya chaka chatha ndi kuisunga ndi dzina latsopano".
2. Kodi pali chomwe ndikusowa? Fomu, nambala ya akaunti, chilolezo. Ngati chilipo, ntchito ya lero ndi kupeza chimenecho.
3. Kodi ndikuopa china chake? Kuimbira kasitomala wokwiya, kuuza bwana kuti ndalama sizikukwana, kufunsa chinthu chomwe mukuganiza kuti munayenera kudziwa kale. Lembani papepala ziganizo ziwiri zoyamba zomwe munene, muimbe foniyo isanakwane 9 koloko. Nkhani yotere ikamagona imakula.
4. Kodi ntchitoyi ikufunikadi? Nthawi zina inalembedwa mumsonkhano wa miyezi iwiri yapitayo ndipo amene anaipempha anaiwala. Funsani. Akati basi, ifufuteni.

Ngati ntchitoyo ndi yongotopetsa, monga kulowetsa malisiti 200 mu kompyuta, gwiritsani njira ya Pomodoro yomwe Francesco Cirillo anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pogwiritsa kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. Ikani alamu mphindi 25, gwirani ntchito imodzi yokhayo, pumani mphindi 5. Mukazungulira kanayi pumani mphindi 15 mpaka 30. Chimene chimasokoneza njirayi ndi kupuma: mukatsegula Facebook m'mphindi 5 zija, zimasanduka 25. Imirirani, imwani madzi, foni ikhale pomwe ili.

Palinso ntchito zina zomwe zimachedwa chifukwa nthawi yachuluka. Wolemba mabuku wa ku Britain, C. Northcote Parkinson, analemba mu 1955 kuti ntchito imafufuma mpaka kudzaza nthawi yonse yomwe yapatsidwa. Mukapatsidwa masabata atatu pa ntchito ya masiku awiri, dziikireni tsiku lanu lomaliza ndipo mulonjeze munthu wina kuti mumuonetsa chiyambi chake tsiku limenelo.

## Chizindikiro 4: Mukangoyamba, wina wakudulani

Kuyeza: ikani kapepala pambali pa kompyuta, mulembe kamzere nthawi iliyonse mwadulidwa, ndi chilembo chosonyeza gwero: F foni, A anzanu, B bwana, N nokha. Chitani masiku awiri. Ambiri amadabwa ndi kuchuluka kwa F ndi N.

- Foni ndi magulu a WhatsApp. Gulu la kumpingo, la banki m'khonde, la anzanu akusukulu, la kumudzi. WhatsApp imalola kutontholetsa gulu kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale. Sankhani mpaka kalekale pa magulu onse osakhudza ntchito. Mauthenga satayika, mudzawapeza pa nkhomaliro. Pa ola la ntchito yaikulu yatsani Do Not Disturb, yomwe imaletsa foni kulira, n'kuloleza manambala ochepa okha, monga a kunyumba, a kusukulu ya ana ndi a bwana.
- Inu nokha. Muli pakati pa lipoti, mwakumbukira kuti simunagule mayunitsi a magetsi. Musatsegule foni. Lembani m'nkhokwe ija, mupitirize. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.
- Anzanu a mu ofesi. Kuthamangitsa munthu n'kovuta, ndipo moni sitidumpha. Mupatseni ola m'malo momukana: "Achimwene, ndimalize kaye ichi, ndikupezani 11 koloko." Kenako mupitedi 11 koloko, apo ayi mawa sadzakukhulupirirani.
- Bwana. Simungawakanize, koma mutha kuwapatsa chisankho. Tengani mndandanda wanu m'manja: "Bwana, panopa ndili pa lipoti lija munati lifike mawa. Ndiliike kaye pambali ndiyambe ichi, kapena ichi chidikire mpaka masana?" Mabwana ambiri sakumbukira zonse zomwe anakupatsani, ndipo akaona papepala amasankha okha.

Chinthu chobwera mwadzidzidzi chomwe chitha m'mphindi ziwiri, monga kusayina fomu, chitani pomwepo ngati simuli pa ola la ntchito yaikulu. Kuchilemba ndi kudzachikumbukira kungatenge nthawi yoposa pamenepo.

## Chizindikiro 5: Mukuiwala zinthu ndi kuphonya masiku omaliza

a) Zochita zamwazika. Zina zili m'dayale, zina pa kapepala komata pa kompyuta, zina kuseri kwa envelopu, zina mu uthenga wa WhatsApp womwe munati mudzaubwerera. Sankhani malo amodzi. Chilichonse chomwe mwalonjeza pakhonde kapena pafoni chilowe mmenemo musanachite china.

b) Mwalemba tsiku lomaliza koma osalemba tsiku loyambira. Kalaliki wa malipiro ku Malawi amadziwa kuti msonkho wodulidwa pa malipiro wa PAYE uyenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo msonkho wa pa malonda wa VAT pofika pa 25. Kulemba "PAYE" pa 14 pokha n'kudzitchera msampha, chifukwa tsikulo netiweki ikhoza kuvuta kapena wosayina akhoza kukhala ali paulendo. Werengani chobwerera m'mbuyo: kulipira pa 12, kusayinitsa pa 10, kukonza manambala pa 8. Masiku onse atatu alowe mu kalendala ndipo azibwereza mwezi ndi mwezi.

c) Simuunika sabata. Lachisanu masana patulani mphindi 30. Werengani nkhokwe yonse, tsamba la "Ndikudikira", ndi kalendala ya masabata awiri akubwera. Fufutani zakufa. Anthu ambiri amene amati mndandanda unasiya kuwathandiza, mukafufuza, anasiya kaye gawo ili.

d) Misonkhano imatha popanda wolemba zoti achite. Musanadzuke pampando lembani zanu zokha: chiyani, pofika liti. Musadikire maminitsi, amafika patapita sabata.

## Chizindikiro 6: Ndondomeko imagwa magetsi akazima kapena pakagwa zadzidzidzi

Apa chifukwa chimakhala chimodzi: ntchito zonse za pa mndandanda zikufuna kompyuta ndi intaneti. Khalani ndi kamndandanda kachiwiri ka ntchito zosafuna magetsi: kusanja mafayilo, kuwerengera katundu m'sitolo, kuimba mafoni, kulemba pamanja mitu ya lipoti, kukasayinitsa makalata. Ngati ndondomeko ya kuzima kwa magetsi yalengezedwa, ikani kupulinta ndi kutumiza mafayilo akuluakulu m'maola omwe magetsi alipo, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto musanaweruke.

Maliro, mwana kudwala ndi minibasi kufa panjira sizilowa mu dayale. Tsiku lotere musayese kupulumutsa mndandanda wonse. Sankhani chinthu chimodzi chomwe sichingadikire, mutumize uthenga kwa omwe akuyembekezera zotsalazo kuwauza tsiku latsopano, ndipo wina mu ofesi adziwe pomwe pali fayilo ya chinthu chosadikiracho.

## Chizindikiro 7: Mwasintha apu yolembamo zochita kachitatu chaka chino

Vuto silili mu apu. Bwererani ku kope kwa masabata awiri. Zikayenda papepala, ndiye musankhe imodzi. Google Keep imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha ndipo imadzatumiza zosintha netiweki ikabwera. Microsoft To Do ili ndi tsamba la My Day lomwe limayamba lopanda kanthu tsiku lililonse, zomwe zimakukakamizani kusankhanso za lero. Zikumbutso zikamalephera kulira pa foni ya Android, yang'anani kaye makonzedwe osunga batire, chifukwa mafoni ambiri amagoneka apu yomwe simunaitsegule kwa nthawi.

## Pamene muyenera kusiya kudzikonzera nokha

Kambiranani ndi bwana kapena a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) ngati mwayeza masabata awiri ndipo ntchito zomwe mwapatsidwa zikupitirira maola anu sabata iliyonse, kapena mabwana awiri akukupatsani zotsutsana. Pitani ndi kope lija. Manambala amamveka kuposa kungoti "ntchito yandichulukira".

Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kapena kwa a bungwe la apantchito ngati mukugwiritsidwa ntchito maola opitirira popanda malipiro ake ndipo kukambirana kwakanika. Lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000 limaika maola wamba a ntchito pa 48 pa sabata. Omwe muli kunja fufuzani lamulo la dziko lomwe muli ndi kontirakiti yanu. Sungani mbiri ya ola lolowera ndi lotulukira tsiku lililonse.

Onanani ndi dokotala mukaona izi:
- kutopa kosatha ngakhale mwagona maola 7 kapena 8. Kuchepa kwa magazi, shuga ndi matenda ena amayamba motero, ndipo zimadziwika poyeza magazi
- kusowa tulo, kusafuna kudya, kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse kwa masabata awiri kapena kuposa
- kuiwala komwe kwayamba posachedwa ndipo kukukula, mpaka anzanu akukuuzani
- mtima kuthamanga, kubanika kapena kunjenjemera mukaganiza zopita ku ntchito
- kudalira mowa kapena mapiritsi kuti mugone kapena mugwire ntchito
- kulephera kukhazikika pa chinthu chimodzi kuyambira muli mwana, kusukulu, kunyumba ndi kuntchito komwe

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutopa kwambiri, kuipidwa ndi ntchitoyo kapena kuichotsa mumtima, ndi kutsika kwa kagwiridwe kake. Zonse zitatu zikapezeka pamodzi, dayale yatsopano sithandiza. Pafunika kuchepetsa katundu ndi kulankhula ndi mlangizi. Mutha kuyambira pa chipatala cha boma chapafupi, ndipo a St John of God ali ndi chithandizo cha matenda a maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha akabwera, musadikire tsiku loikika: uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Itanani a IT (oona za makompyuta) ngati kalendala ya ku ntchito ikuonetsa maola osiyana pa foni ndi pa kompyuta mutayang'ana kale kuti zonse zili pa nthawi ya dziko lanu, kapena zochita zasowa mu akaunti ya kampani. Musafufute apu kapena akaunti poyesa kukonza, chifukwa zomwe zinali zisanatumizidwe zimapita nazo limodzi.

Funsani akauntanti ngati tsiku la msonkho ladutsa kale. Musadikire kuti mudzaphatikize ndi za mwezi wamawa, chifukwa chindapusa chimakula ndi nthawi. Sonkhanitsani mapepala a malipiro ndi malisiti a mwezi womwe mwaphonyawo, mupite nawo lero lomwe.